Ufa Wofiira Umene Ndinagulira Galu

Galu ameneyo ndinabwera naye kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Anali kamwana, ndinamunyamula m'dengu. Anakulira ku Zóbuè, kumunda kwathu m'tsinde mwa phiri. Anyani ankamuopa. Sindinkamusisita kapena kucheza naye. Koma kumene ndinkapita, iye ankapita.

Chaka chachisanu ndi chimodzi anayamba kuwonda. Nthiti zinaonekera. Chakudya ankangonunkhiza, n'kukagona pansi pa nkhokwe tsiku lonse.

Ndinakumbukira kumsasa wa othawa nkhondo kumene tinkakhala ku Malawi. Kumeneko ana owonda ankawapatsa phala lothira ufa winawake, ndipo ankanenepa ife tikuona. Ndinati galu naye ndi thupi. Chimene chikusowa ndi chakudya cha mphamvu.

Ndinakwera shapa, minibasi ya ku Moatize. Pafupi ndi msika panali loja, sitolo ya mbewu ndi mankhwala a ziweto. Mwini wake anali mayi wonenepa, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe. Nditamuuza kuti galu wawonda, anandiikira zinthu zitatu patebulo: thumba la timibulu touma timene amadya agalu a mabwana a kumgodi, botolo la madzi achikasu, ndi chitini cha ufa wofiira.

"Zonsezi ndi vitamina, tiyu. Sankhani," anatero, akunditcha malume m'Chipwitikizi.

"M'katimu muli chiyani?"

"Zalembedwa apo. Simunapite ku shikola?"

Ndinapita, ndinalekeza kalasi yachinayi. Zilembo ndinkazidziwa, koma mawu a pachitinipo anali ataliatali, a Chipwitikizi cha madokotala. Ndinachita manyazi kufunsanso. Ndinasankha ndi lilime, monga tisankhira chinangwa.

Ndinatafuna kam'bulu kamodzi. Fungo la nsomba, koma m'kamwa gaga weniweni. Gaga ndinali naye kwathu. Madzi achikasu anali otsekemera. Zotsekemera n'zonyengerera ana. Ufa wofiira unali wowawa, wamchere, wokakamira palilime. Mtundu wake ngati magazi ouma. Ndinati mankhwala ndi awa.

Mayi uja anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mwadya za galu, tiyu. Mukauwire panja, muno muli makasitomala."

Sindinaseke. Ndinatenga chitini.

Kunyumba ndinkasakaniza supuni imodzi m'phala. Galu ankakana. Ndinkamutsegula kukamwa n'kumuthira, iye n'kumandiyang'ana. Sanandilumepo.

Mkazi wanga anaonerera masiku angapo, kenako analankhula.

"Abambo, wanjala sakana chakudya. Galuyu akudwala."

"Ndikudziwa chimene ndikuchita."

"Mumadziwa. Ife tikudya ndiwo zopanda mafuta, mnzanuyo akudya za m'loja, koma wonenepa palibe."

Ndinaonjezera, supuni ziwiri. Ndinkaganiza ngati feteleza: chimanga chikapanda kubiriwira, umathira wina. Mkodzo wake unayamba kutuluka wakuda ngati tiyi. Mtima unakhala pansi. Ndinati ufa wafika m'thupi, ukutsuka zoipa.

Anatha masabata atatu. M'mawa wina miyendo yakumbuyo inakana kudzuka. Ndinamukulunga m'thumba, mutu panja, n'kukweranso shapa. Ku Moatize anthu anandilozera kwa dokotala wa ziweto. Nyumba yake inali mumsewu womwewo wa loja ija. Ulendo woyamba ndinadutsa pakhomo pake, chitini chili m'manja.

Dokotalayo anali wachikulire, wa tsitsi la imvi. Sanafunse zambiri. Anatukula mlomo wa galu. Nkhama zinali zoyera ngati chinangwa chosenda. Anapinda khutu. Nkhupakupa zinali ndandanda, zokhuta.

"Ndi izi, ababa. Zimalowetsa matenda amene amatha magazi. Mkodzo wakuda?"

"Wakuda."

"Anayamba liti kuwonda?"

"Mwezi watha."

Ndinamupatsa chitini. Anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono, akumasulira. Ufa wa mafupa. Mchere. Chitsulo chothandiza magazi, pang'ono. Zina zongofiiritsa.

"Ndiye kuti ndi poizoni?" ndinafunsa.

"Iyayi. Ufawu si woipa. Galu wamkazi woyamwitsa ungamuthandize. Koma tizilombo ta m'magazi suupha. Mukanabwera sabata yoyamba, jakisoni mmodzi akanakwana."

Ndikanakonda anene kuti ndi poizoni. Ndikanabwerera kukakalipira mayi uja. Koma mayiyo sananame. Ndinamuuza kuti galu wawonda, anandipatsa zonenepetsa. Nkhupakupa ndinkaziona masiku onse. Galu aliyense kwathu ali nazo. Sindinaziyese kanthu.

Dokotala anamubayabe jakisoni. Anati ndisayembekezere zambiri.

Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo, galu pamiyendo. Kunkatentha. Titayamba kukwera mapiri anatambasula miyendo kamodzi, thupi n'kulemera. Ndinadziwa. Ndinakokera thumba kumutu kwake.

Mayi amene anakhala pafupi nane anaona. Anauza mnzake, mnzakeyo n'kuuza woyendetsa.

"Madala, mtembo wa galu m'galimoto mwanga ayi," anatero woyendetsayo. "Ponyani pawindo, kapena tsikani nawo."

Ndinatsika. Panali patali ndi kwathu, malo amene sindinkadziwa munthu. Chapatali pang'ono panali nyumba ziwiri. Mayi wina ankapeta mapira pabwalo. Ndinamupempha khasu. Anayang'ana thumba lili m'manja mwanga, lichero n'kuliika pansi.

"Pepani, bambo. Ndi mwana?"

"Galu."

Anapumira m'mwamba, n'kutolanso lichero lake. Anandilozera khasu ndi chibwano.

Nthaka inali youma, ya miyala. Ndinakumba mpaka m'mawondo kuti afisi asafukule. Nditakwirira ndinapempha madzi otsukira khasu, monga tichitira tikachoka kumanda.

"Musavutike," anatero mayiyo. "Si galu chabe?"

Ndinamuuza kuti andipatsebe. Anandipatsa m'kapu, osadzaza. Ndinatsuka khasu ndi mpini womwe, n'kuliyedzamiritsa pakhoma. Kenako ndinabwerera kumsewu kukadikira shapa ina.