Fomu imene inachotsa Esinati m'kalasi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi Ba Nyirenda, mayi amene ankaimba kwaya imodzi ndi amayi anga ku Chawama. Ndinali nditamaliza koleji ya uphunzitsi koma boma lisanandilembe, moti ndinkangokhala pa kantemba, kabenchi ka malonda ka amayi, kugulitsa tomato. Ba Nyirenda anati pa sukulu ina ya komyuniti ku komboni ya Kanyama akufuna mphunzitsi wa makalasi a masana. Masukulu anali atatsekedwa nthawi yaitali chifukwa cha korona, ndipo ana ambiri anabwerera ataiwala ngakhale zilembo. Makalasi a masanawo anali oti awabwezere zimene anataya.

Zida zanga zinali khadi loyesera kuwerenga, pensulo, buku la mayina, zivindikiro za mabotolo zophunzitsira masamu, ndi mafomu a boma. Mwana aliyense ndinkamuyesa payekha pakhonde. Khadilo linali ndi magawo anayi: zilembo, mawu, ndime ndi nkhani. Ndinkayambira pa ndime. Akalephera ndinkatsika pa mawu, akalepheranso pa zilembo, kenaka n'kuchonga pa fomu pamene wafika. Tinkayesa katatu pa temu. Fomu ikadzadza, ahedi ankasaina n'kudinda, ndipo inkapita ku ofesi ya maphunziro. Lamulo linali lakuti mwana akafika pa ndime, atuluke m'kalasi ya masana kuti malo ake alowe wina.

Ahedi athu anali Ba Sakala. Dzina langa sanalitchulepo. Ndinali "iwe ka ticha ka masana".

Temu yanga yachiwiri inagwera m'dzinja. Amene anakhalapo ku Kanyama akudziwa zimene mvula imachita kumeneko. Madzi analowa m'makalasi, zimbudzi zinasefukira, ana ambiri anakhala kunyumba masabata angapo. Nditawayesa pakati pa temu, ndinapeza kuti pafupifupi onse ali pomwe ndinawasiya. Ndinalemba zomwezo n'kupita nayo fomu ku ofesi ya ahedi.

Anaiyang'ana kamodzi n'kuiponya pa tebulo.

"Manje ivi ni vichani? Ufuna ba ofesi bakambe kuti pano sitipunzisa?"

"Ba hedi, ni mvula. Bana sibanali kubwela."

"Pa fomu pali bokosi ya mvula?" Anatsegula dirowa n'kundiponyera labala. "Futa. Bonse bali pa mau, ubakweze pa ndime. Ngati siufuna, kuli maticha bambili pa geti bafuna nchito yako."

Ndinafufuta. Sindinganame kuti anandigwira dzanja. Ndinaima pomwepo, ndikufufuta mzere ndi mzere, iwo akumwa tiyi.

Mmodzi mwa amene ndinawakweza anali Esinati Zulu, mtsikana wa giredi folo, wamkulu kuposa anzake chifukwa anayamba sukulu mochedwa. Amayi ake ankagulitsa kapenta, tinsomba touma, pamsika. Esinati anali atangoyamba kulumikiza zilembo, ndipo akatulutsa liwu lathunthu ankaseka atadzigwira pakamwa. Fomu itadindidwa, dzina lake linachoka m'buku la masana. Anabwerabe masiku awiri, n'kumaima pazenera. Tsiku lachiwirilo Ba Sakala anamuona. "Iwe unapasa kudala, yenda kunyumba!"

Patapita masabata atatu, Lachitatu m'mawa, kunabwera mayi wa ku ofesi ya maphunziro popanda kutiuza. Galimoto yawo inatitimira m'matope kutali ndi sukulu, moti anafika wapansi, nsapato zili matope okhaokha, mtima uli kale m'mwamba. M'manja anali ndi fomu yathu.

"Sukulu yanu yachita vodabwisa," anatero. "Mvula yonse iyi, bana bakwela chabe. Tiyeni nibamvele."

Tinalowa mu giredi folo. Anayendetsa chala pa fomu n'kuitana dzina: Esinati Zulu. Mwanayo atabwera kutsogolo, mayiwo anamupatsa khadi, namulozera ndime. Esinati anaika chala pansi pa liwu loyamba. "A... ma..." Anaima. Anayambiranso. Kumbuyo wina anaseka, kenaka kalasi yonse. Iye sanalire. Anangondiyang'ana ine, khadi lili m'manja.

"Ndani anayesa mwana uyu?" anafunsa mayiwo.

Ba Sakala sanadikire n'komwe. "Ni uyu, madamu. Ise tinamudalila. Aba bana ba ku koleji ba masiku yano, ulesi chabe."

Mayi aja anakweza fomu pazenera, ndipo zipsera za labala zinaoneka zonse.

"Unafuta wekha?"

"Kwanja ni yanga," ndinatero, "koma labala ni ya ba hedi."

"Wamva chipongwe?" anakuwa Ba Sakala.

Ndinkaganiza kuti mayiwo afunsa zambiri. Sanafunse. "Ndeo zanu sinizifuna. Fomu iyi inapita kumwamba na zina yanga. Muyesenso bana bonse, Chisanu nipeze yatsopano pa tebulo yanga." Anatuluka osamuyang'ananso Esinati, amene anali chiimire kutsogolo chifukwa palibe anamuuza kuti akhale pansi.

Masana omwewo amake Esinati anandipeza pageti, atamanga chitenje mothina, fungo la kapenta lili m'manja.

"Ndimwe munakamba kuti mwana wanga apasa? Nauza bantu bonse ku maketi kuti Esinati abelenga. Lelo mwamuimika bamuseke? Ngati simuziba kupunzisa, munali kukamba chabe!"

Analavula pafupi ndi mapazi anga. Pa anthu onse amene anandikalipira tsiku limenelo, iwo okha ndi amene ankanena zoona.

Ndinayesanso ana onse Lachinayi, fomu yoona inapita Lachisanu, ndipo mwezi utatha Ba Sakala anandichotsa ntchito. Iwo anakhalabe pampando wawo. Esinati sanabwerenso kusukulu. Ndinapita kwawo kawiri kukapempha kuti ndizimuphunzitsa Loweruka, koma amayi ake ananditsekera chitseko maulendo onse awiri.

Chaka chatha ndinamuona pa kiliniki, atatalika, atagwira timapepala ta mankhwala a amayi ake. Ankafunafuna munthu woti amuwerengere kamwedwe kake. Ndinatambasula dzanja. Anandiyang'ana, nandizindikira.

"Osati imwe," anatero, n'kupatsa bambo wina amene anali kumbuyo kwanga.

Pano ndimaphunzitsa pa sukulu ya boma ku Matero, ndipo mafomu akubwerabe katatu pa temu. Ndimadana nawo, koma ndimawalemba monga mwana wawerengera. Akabwera wamkulu aliyense kuti manambala akwere pang'ono, ndimamuuza kuti aitane mwanayo awerenge tonse tikumva, akatha ndichonga. Amanditcha wouma mutu, ndipo ena mu sitafu sandipatsa moni. Palibe kanthu. Ba Sakala sindinawakhululukire, koma dzanja limene linafufuta ndikulidziwa, ndipo ndimadya nalo tsiku lililonse.