Mutu Wopanda Nkhope

Mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira ku univerisidade, anabwera kwathu ku Matema ndi makadi a zithunzi. Aphunzitsi awo anawatuma kukayesa makhalidwe a anthu: ukaona chithunzi, umanena ngati munthu wojambulidwayo akufanana nawe. Akuti makadi omwewo amayenda m'maiko ambiri, n'chifukwa chake anthu ake analibe nkhope. Mutu unali wozungulira chabe, woyera ngati dzira.

Ine ndinayankha msangamsanga, makadi n'kundipeza kuti ndine wa mtima wapachala. Zimenezo mkazi wanga akanawauza ulere.

Kenako mwanayo anapita kwa amayi anga, amene anali pamphasa pakhonde kuthawa dzuwa. Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho masewerawa anawakonda. Ataona munthu wovina pagulu anaseka.

"Ameneyo ndine, miyendo isanandikane."

Khadi lotsatira linali ndi anthu pagulu, wina ataima yekha patali.

"Vovo, inu mumakonda kukhala panokha ngati uyu?" mwana wanga anawafunsa agogo akewo.

Amayi anasiya kuseka. "Mwanayu wamusiya ndani?"

"Si mwana, Vovo. Akuoneka wamng'ono chifukwa ali patali."

"Ndi mwana ameneyu. Enawo akupita, iye njira sakuidziwa."

Ine ndinadziwa mwana amene ankanena. Tikuthawa nkhondo ku Angónia ulendo wa ku Malawi, mng'ono wanga anasowa m'chipwirikiti powoloka dambo. Sitinamupezenso, ngakhale manda ake. Chithunzi chake tinalibe. Mtendere utabwera tinabwerako ku Malawi n'kudzakhazikika mumzinda muno, ndipo dzina lake pakhomo silinkatchulidwa. Mwana wanga sankadziwa n'komwe kuti anali ndi bambo aang'ono.

Amayi anatembenuza khadi lija kuti aone kuseri. Kunalibe kanthu.

"Nkhope yake inandithawa kalekale," anatero, akuyang'ana ine. "Iwe unkagona naye mphasa imodzi. Tandiuza, ankaoneka bwanji?"

Ndinasakasaka m'mutu monse. Ndinapeza kabudula wake wobiriwira, chipsera cha pabondo, ndi momwe ankakokera mamina akamathamanga. Nkhope ayi. Ndinaganiza zongowapekera mphuno ndi maso, koma amayi anga sunkawanamiza.

"Amayi, nanenso sindikukumbukira."

Sanalire. Anangokhala akusisita mutu woyerawo ndi chala, pang'onopang'ono, monga ankatipukutira kumaso tili ana. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo ngakhale tsiku lothawa lija.

"Papa, ndilembe kuti chiyani?" mwana wanga ananong'ona. Pepala lake linkangofuna kudziwa ngati agogo ake amakonda anthu kapena ayi. Ndinamuuza kuti asiye posalemba.

Amayi anatisiya osaionanso nkhope ija, ndipo wina woti ndimufunse palibe. Kale ndikamukumbukira mng'ono wanga, pamwamba pa khosi lake pankakhala ngati nkhungu, ndipo ndinkakhulupirira kuti tsiku lina idzachoka, ndidzamuona. Tsopano akabwera, amabwera ndi kabudula wake, chipsera chake, ndi mutu wa pakhadi uja. Ndayesetsa kuuchotsapo, koma wakana.