Mazira a Dina, Makiyi a Loyce

Loyce anabadwira m'mudzi wina kumunsi kwa Mtakataka, kufupi ndi njanji. Sukulu analekezera Fomu 2 bambo ake atamwalira, ndipo posakhalitsa anakwatiwa ndi mnyamata wolima mpunga ku Bwanje. Atabereka ana awiri, Mwayi ndi Noel, mwamuna uja anati akukasaka ganyu ku Joni. Chaka choyamba ankaimba foni. Chachiwiri kunangoti zii. Loyce anabereka Noel kumbuyo n'kupita kukapempha ntchito panyumba ina yogona alendo ya m'mphepete mwa msewu wa tala, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, pomwe mabungwe amakonda kuchitira misonkhano.

Anamulemba yotsuka mbale. M'khitchinimo anapezamo amayi awiri, Dina ndi Getrude, komanso mkulu wa ophika, a Sitefano, bambo wachikulire wosakonda zoyankhula. Amene anamulandira ndi Dina. Anamubwereka epuloni, anamuonetsa pogoneka mwana kuti a manijala asamuone, ndipo tsiku lomwe Noel anakomoka ndi malungo, Dina ndiye anathamanga naye pa kabaza mpaka ku chipatala cha Mua, Loyce akulira m'mbuyo. Loyce, Dina ndi Getrude anakhala ngati a bere limodzi. Ankadyera mbale imodzi kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa nimu. Wina akagweredwa maliro, anzake ankagwira ntchito yake osanyinyirika. Zotsala za alendo, kaya mpunga kaya mafupa a nkhuku, ankagawana poweruka n'kukulunga m'zitenje, a Sitefano n'kumayang'ana kumbali.

Zaka zinapita chomwecho. Tsiku lina m'mawa a Sitefano anagwa pafupi ndi mbaula, mbali imodzi ya thupi itafa. Ana awo anadzawatenga ndipo sanabwererenso. Aliyense ankadziwa kuti malo awo alowa ndi Dina, chifukwa ndiye anali mkhalakale, ndiponso ndi yekhayo amene a Sitefano ankamulola kugwira fulayipani ya mazira. Koma a manijala, a Dickson, anaitana Loyce ku ofesi.

"Ndikufuna munthu wotha kuyankha alendo m'Chingerezi," anatero akuika makiyi a sitolo patebulo. "Kuyambira lero chilichonse cholakwika m'khitchini ndizifunsa inu."

"Nanga a Dina, bwana?"

"Ndafunsa inu. Ngati simukufuna nenani, ndiitane wina wa ku Salima."

Loyce anaganiza za Mwayi, yemwe anali atangosankhidwa kupita ku sekondale, ndipo anatola makiyi aja. Atalowa m'khitchini Getrude analulutira mokokomeza, n'kugwada pasimenti. "Abwana afika!" anatero. Dina anangoti, "Mulungu wakukumbukirani, amake Mwayi," n'kupitiriza kudula anyezi.

Sabata lomwelo a Dickson analamula kuti zotsala zonse zizipita ku nkhumba za mwini malo, ndipo Loyce aziona zitenje za anzake asanatuluke pageti. Mawu amenewa Loyce anawasunga m'kamwa tsiku lonse, n'kuwatulutsa poweruka, maso ali pansi. Getrude anamasula chitenje n'kukhuthulira mpunga padothi.

"Fufuzani bwino, abwana," anatero. "Mwina ndabisanso mbuzi."

Kuyambira pamenepo, Loyce akafika pansi pa nimu paja nkhani inkaduka, ndipo ankapeza mbale atatsuka kale.

Ntchito zina zonse za m'khitchini Loyce ankazitha. Chomwe chinkamukanika ndi mazira. Anthu amati dzira angaphike ndi mwana yemwe, koma amatero ndi amene sanaphikirepo alendo a m'tauni. Wina ankafuna lokazinga mbali imodzi, choyera chitagwirana koma chachikasu chapakati chili chamadzimadzi. Wina ankafuna lowiritsa losalimba, winanso ovundula osauma. Magetsi ankathima pafupipafupi, ndipo moto wa makala sumvera munthu. Ukatembenuka kuti utenge mbale, dzira lapserera m'mphepete. Ukaliphula msanga, mlendo akulibweza kuti ndi laliwisi. Kutentha kwa kuchigwa kuno nakonso kumafewetsa mazira, moti ena chachikasu chinkaphulika ukangoswa. Loyce anayesera kunyumba ndi mazira a nkhuku zake mpaka Noel anayamba kuthawa akamva fungo la mafuta, koma dzanja lake silinaphunzire. Choncho kadzutsa yense wa alendo ankadalira Dina, munthu yemwe Loyce anamulanda malo.

Patapita miyezi, mazira a Dina anayamba kubwerera. Mlendo wina anapezamo kachigoba. Wina anapatsidwa lakuda pansi. A Dickson anamudzudzula Loyce pamaso pa alendo kuti akulephera kulamula anzake. Mumtima mwake Loyce anatsimikiza kuti Dina akuchitira dala. M'mawa wina mbale inabwereranso, Getrude ali kunja kokatunga madzi, ndipo Loyce anayankhula ndi mawu omwe sanawagwiritsepo ntchito kwa munthu wamkulu.

"A Dina, ngati mukufuna makiyiwa nenani, ndikawabweze. Koma zondichititsa manyazi kudzera m'mazira zithe lero."

Dina anatambasula dzanja kuti atenge kambale ka mchere patebulo, koma dzanja linapitirira. Anapapasa kumanzere, n'kupapasanso kumanja. Kambale kanali patsogolo pake penipeni.

"Achemwali," anatero Loyce motsitsa mawu, "mchere uli apa."

"Ndikudziwa kuti uli chapompano," anayankha Dina. Kenaka anakhala pa kireti ya zakumwa n'kufotokoza zonse. Anali ndi matenda a shuga. Chiyambireni chilimwe maso ake ankaona ngati m'nyumba modzaza utsi. Kuchipatala anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti apite kwa madokotala a maso ku Lilongwe, koma akanapempha bwanji tchuthi osaulula? Mazira ankawaphika ndi makutu ndi mphuno, kumvetsera kulira kwa mafuta. Kunyumba ankalera adzukulu amasiye, ana a mwana wake wamkazi yemwe anamwalira.

"Mukawauza a Dickson, ine ndatha," anatero.

"Getrude akudziwa?"

"Pakamwa pa Getrude ndi pamsika. Ndakuuzani inu nokha."

Loyce anagwada n'kumugwira manja. Analonjeza kuti sadzauza munthu.

Anapangana njira. M'mawa uliwonse Loyce ankaswera mazira m'makapu, n'kuchotsa tizigoba, kenaka n'kuima pambali pa Dina ngati akuyang'anira ntchito. Dzanja linali la Dina, maso a Loyce. Choyera chikagwirana ankanong'ona kuti, "Phulani." Mazira analeka kubwerera. Nthawi zina awiriwa ankaseka pang'ono ngati kale, ndipo Loyce anayambanso kupeza tulo. Getrude ankaona manong'onong'o aja n'kumaganiza kuti akumujeda. Anayamba kuuza anthu kumsika kuti Dina wadzigulitsa kwa abwana, ndipo iye ndi Dina analeka kulonjerana.

Mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera msonkhano waukulu. Chipinda chodyera chinadzaza, magetsi anali atathima, ndipo anayatsa mbaula ziwiri. Pakati pa kadzutsa a Dickson anaitana Loyce kuti akayankhe mlendo wodandaula za tiyi.

"Musagwire kanthu mpaka ndibwere," Loyce anamunong'oneza Dina.

Koma mlendo uja anali ndi zonena zambiri, ndipo operekera zakudya ankakuwa pawindo kuti mazira akuchedwa. Mafuta anayamba kufuka. Dina ananyamula fulayipani kuti ayiike pambaula yachiwiri ya moto wochepa, osadziwa kuti Getrude waikokera pakhomo kuti ipitidwe mphepo. Anaika fulayipani m'malere. Mafuta onse anakhuthukira pamwendo wa Getrude, yemwe ananjuta pomwepo akusankha makala.

Kukuwa kwake Loyce anakumvera m'chipinda chodyera. Atafika anapeza Getrude akugubuduka pansi, chitenje chitamatirira pakhungu, Dina ataima chilili akufunsa kuti, "Ndani? Ndawotcha ndani?" Galimoto ya mlendo wina ndiyo inamutengera Getrude kuchipatala.

Masana a Luciano, amuna ake a Getrude, anafika pageti ndi abale awo. Ankakuwa kuti mudzi wonse ukudziwa kuti amayi awiriwa sankamwerana madzi, kuti Dina wachitira dala, ndipo akupita kupolisi. A Dickson anaitana Dina ndi Loyce ku ofesi.

"Munthu wa zaka zonsezi m'khitchini angataye bwanji mafuta pa mnzake?" anafunsa.

"Dzanja linaterereka, bwana," anatero Dina.

"Apolisi sakamva zimenezo. A Loyce, inu ndinu mkulu wawo. Panali chidani kapena ayi?"

Loyce anamva mawu a Luciano kunja. Anaona Dina m'maganizo ali m'chitolokosi, akupapasa khoma. Anayang'ana manja ake, n'kutsegula pakamwa.

"Sanachitire dala, bwana. Saona. Maso awo anayamba kalekale kuchita khungu."

Dina anatembenuzira nkhope komwe kunkachokera mawu. "Munalonjeza," anatero, osakweza mawu.

"Ndiye inu munkadziwa?" anafunsa a Dickson. "Munkadziwa, n'kusiya wakhungu pamoto?" Kenaka anati akayankhula ndi a Luciano nkhani ithere pomwepo, ndipo Loyce samuchotsa ntchito chifukwa msonkhano unali usanathe. "Koma a Dina awa muwauze nokha kuti asiye epuloni. Ndi ntchito yanu imeneyo." Atatero anatuluka.

Awiriwa anatsala okha. Loyce anayesa kuyamba ndi mawu ena, koma onse anamuthawa.

"Achemwali, akuti musiye epuloni."

"Akuti, kapena mukuti?"

"Ndikuti."

Dina anamasula epuloni, anaipinda bwinobwino n'kuipereka. Anaitambasulira pambali pang'ono, pomwe panalibe munthu, ndipo Loyce anachita kusuntha kuti ailandire.

Atapita kukazonda Getrude kuchipatala, anamupeza mwendo uli m'mabandeji kuyambira m'bondo mpaka kuphazi. Getrude anatembenukira kukhoma.

"Munkadziwa kuti saona," anatero, "n'kundisiya ndizinjuta kumapazi kwake. Mukanandiuza ine, bwenzi ndikusamala. Tengani nthochi zanuzo."

Atachira anabwerera akutsimphina, ndipo anapempha kuti amusamutsire kochapa zofunda. Akakumana ndi Loyce pakhonde ankapereka moni wa alendo n'kudutsa.

Dina atachotsedwa ntchito, Loyce anapitako kamodzi kukamuona, kumudzi wa kuseri kwa Golomoti. Anamupeza atakhala pakhonde akutongola chimanga. Dina anamuzindikira ndi mapazi omwe.

"Mwatiyendera, abwana," anatero.

"Ndine Loyce, achemwali."

"Ndakumvani. Kuntchito kuli bwanji?"

Anacheza za mvula yochedwa ndi za mbewu. Chilichonse chomwe Loyce ananena, Dina ankayankha mwaulemu ngati akuyankha mlendo wa boma. Loyce atati akufuna kumuperekeza ku Lilongwe kwa madokotala a maso, Dina anathokoza n'kunena kuti abale ake aona chochita. Jumbo ya nsomba zouma ndi sopo yomwe anabweretsa inakhala pomwe anaiika mpaka anatsanzika.

Mvula itagwa, Dina anaponda chitsa popita kuchimbudzi. Chifukwa cha shuga bala lija silinapole. Linakula, linayamba kununkha, ndipo pomwe abale ankamutengera kuchipatala mwendo unali utada mpaka m'bondo. Anamwalira mpunga usanache.

Loyce anafika pamaliro m'mawa, atavala chitenje chakale ndi mpango. Anagwada kwa anamfedwa, kenaka anapita kuseri komwe amayi ankagwira ntchito. Anaona ndowa yopanda kanthu n'kuinyamula kuti apite kumjigo. Mng'ono wake wa Dina, mayi wamtali yemwe Loyce anadya naye kangapo m'nyumba yomweyo, anamutsekera njira n'kugwira ndowa ija.

"Ayi, abwana asadetse manja," anatero. "Malo anu takonza uko."

Anamulondolera pabenchi pansi pa mtengo wa mango, pomwe panakhala akuluakulu a mpingo, amuna okhaokha. Iwo anasunthira uko kumupatsa malo ambiri kuposa omwe ankafunika. Ali pamenepo ankaona amayi atakhala pansi mothithikana, mapewa atagundana, akuimba. Pakati pawo panali Getrude, mwendo wa zipsera atautambasula, akulira mokweza, mayi wina atamugwira mutu. Nyimbo ija Loyce ankaidziwa. Anayamba kuimba nawo, koma mawu ake okha achizimayi anamveka pabenchi paja, ndipo bambo wa pambali pake anatembenuka kumuyang'ana. Analeka.

Kumanda anaima kumbuyo kwa gulu. Mwambo utatha anthu anabwerera kumudzi kukasamba m'manja, koma palibe anamuuza kuti adikire chakudya. Anavula nsapato chifukwa cha matope n'kuyenda yekha m'kanjira ka pakati pa minda mpaka kumsewu wa tala. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza. Mvula inayamba kuwaza, ndipo anafunda chitenje kumutu n'kukhala pamwala kudikira ina.