Mkazi Mnzanga Ndi Msewu

Ine Deliwe sindibisa, ndine wansanje. Koma inunso mukanakwatiwa ndi a Lawson Namaona, nsanje mukanaidziwa bwino.

A Lawson ankayendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Wansembe wina atasamutsidwira ku Nairobi mu 1994, anawatenga kuti azikasamalira bwalo la nyumba ya alendo ya mpingo ku Upper Hill. Ine ndinatsatira, mwana wathu Bessie ali kumbuyo, n'kukapeza kanyumba ka malata ku Kangemi. Tinapangana kuti tikhala zaka zitatu basi, kenako kwathu ku Luchenza, kumene mayi anga anali atayamba kudwaladwala. Zaka zitatu! Ndinali wopusa ine.

Pa nyumba ya alendoyo panali kamsewu kotsetsereka, kochokera pageti kukafika pakhonde. A Lawson anakayala okha ndi timiyala ta simenti tolumikizana tija, kumeneko amati kabro. Chimvula cha 1997 chitabwera, matope ofiira ankatsika kuchokera kumtunda n'kukwirira kamsewu konse, magalimoto a alendo mpaka kumatitimira. Apa m'pamene banja langa linayamba kugwedezeka.

Mpingo unali ndi kathirakitala kamene akhristu a ku Canada anatumiza, kali ndi chimakina chouluzira chipale chofewa chimene chimagwa kwawoko. Ku Nairobi chipale chake chiti? A Lawson anachiyesa kamodzi pa matope, chinalavula miyala mpaka kuswa zenera, basi anachimasula. Koma anachotsako tizitsulo tiwiri tokhala kunsi kwake, timene iwo ankati nsapato, n'kutimangirira ku chikhasu chokankhira dothi, kuti chiziyenda m'mwamba pang'ono osakanda kabro. Kukamwa kwa chikhasucho anaikako mphira wa lamba wakale amene anakatola ku Industrial Area.

Zonsezi ndimazidziwa chifukwa ndinkazidya m'mawa ndi madzulo. Munthu kufika pakhomo, osafunsa n'komwe kuti mwaswera bwanji, wayamba kale.

"Amake Bessie, chitsulo chisamakhudze mwala. Timasiya mpata wa chala chimodzi, totsalato timamaliza ndi tsache ndi madzi. Ndiponso thirakitala sitiitembenuza itaima pamodzi, matayala amafukula timiyala."

"Nanga denga lathu likudonthali, mpata wake ndi wa zala zingati?"

"Ndiliona Loweruka."

Loweruka lakelo ndi limene ankalawirira kukakwera minibasi, zimene kumeneko amati matatu, ulendo wa ku kamsewu konko. Ndiye mtima unayamba kundiuza zina. Woyang'anira nyumba ya alendoyo anali mayi wina wa ku Nyeri, dzina lake Consolata, wosakwatiwa, mano ali mbee. Dzina lake silinkachoka pakamwa pa a Lawson. Consolata wati kamsewu kakongola, Consolata wandipatsa chai. Chai! Ngati kuti ine, wobadwira pakati pa minda ya tiyi, kuphika tiyi sindidziwa.

Tsiku lina mvula itangokata ndinamanga chitenje, ndinati lero ndikaone ndi maso anga. Nditafika ndinabisala kuseri kwa mpanda wa maluwa. A Lawson anali atagwada m'matope, tsaya lili pansi, akusuzumira kunsi kwa chikhasu. Consolata anali ataima pambali pawo ndi ambulera ndi kapu ya tiyi. Abale, magazi anga anawira! Mayiyo anaitana kawiri m'Chiswahili kuti tiyi akuzizira. Iwo osatembenuka. Consolata anaima, anaima, kenako anaika kapu pakhoma n'kulowa m'nyumba akupukusa mutu. A Lawson sanaone n'komwe kuti wachoka. Anali akusisita kamwala kamodzi kobenthuka ndi chala, nkhope ili ngati kunyumba kwadwala mwana.

Ndinabwerera osawalankhula, ndipo m'matatu ndinalira, anthu akundiyang'ana. Bola akanakhala Consolata! Mkazi mnzako umamutukwana, umakamunenera kwa ankhoswe kapena kwa bambo mfumu. Nanga msewu ukausumire kwa ndani? Ndinachita nsanje ndi mwala, ine munthu wamkulu ndi mwana wanga, chifukwa dzanja limenelo linali litaiwala kalekale kundigwira choncho.

Zaka zitatu zija zinabala zinzake. Alendo ankayamikira, ansembe ankabwera ndi anzawo kudzaona kabro wosakandika paliponse, a Lawson n'kumayenda chifuwa patsogolo. Si kuti anali munthu woipa ayi. Mowa sankamwa, dzanja sanandikwezerepo, malipiro ankafika nawo pakhomo. Koma ndikangoti tiyeni kwathu, yankho linali lomwelo, lakuti amene adzawalowe m'malo adzatsitsa chikhasu mpaka pansi, nyengo imodzi yokha kamsewu n'kusanduka munda.

Mu Epulo 2003 mchimwene wanga anaimba foni kuti mayi sakudzukanso. Ndinalongedza katundu, ndinakafunsa za basi yodzera ku Tanzania.

"Abambo ake a Bessie, mawa tikunyamuka. Sankhani lero, ine kapena miyala yanuyo."

Anatuluka pakhomo n'kuyang'ana kumwamba. Mitambo inali bii. Kenako analankhula osandiyang'ana.

"Tsogolani, amake Bessie. Mvula ikangotha ndikupezani."

Ndikudziwa kuti mumtima mwawo ankanena zoona, a Lawson bodza alibe. Mayi tinawaika m'manda mwezi womwewo, mkamwini wawo palibe, azakhali akungondifunsa kuti amuna anga ali kuti. Ndinadikira Juni, ndinadikira Julayi. Pafoni anati akubwezeretsa kaye timiyala timene madzi anafukula pageti. Pamene ankamaliza, Okutobala anali atafika, mitambo yayambanso kusonkhana. Ku Nairobi, abale anga, mvula imagwa kawiri pachaka, ndipo ine ndikadali kuno ku Luchenza ndekha.