Ndege Yomwe Ndinawalozera Abambo

Amayi atamwalira ndinapempha kuti andisamutsire ku chipatala chaching'ono cha kwathu, kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, kuti ndizigwira ntchito yanga ya unamwino kwinaku ndikusamalira abambo. Pabalaza ndinapezapo ndege khumi ndi zinayi zikulendewera ku mitanda ya denga. Ndinkazidziwa kale, koma kuziona patchuthi n'kosiyana ndi kukhala nazo. M'mawa uliwonse posesa ndinkachita kuwerama kuti mapiko asandigunde m'mutu.

Abambo anali kalipentala wa ku mishoni. Atapuma pantchito anasiya mabenchi ndi zitseko n'kuyamba ndege. Ankatola zidutswa za paini kwa ocheka matabwa, n'kumazisema ndi kampeni, kenako kuzikwecha ndi sandipepala mpaka kusalala ngati dzira. Mateyala ankadula ku patapata wakutha. Munthu akazitchula kuti zidole ankakwiya. Anali ndi chithunzi chomwe anadula pa kalendala, ndipo chilichonse ankayeza ndi rula kuti phiko ndi mchira zilingane ndi thupi monga zilili pa ndege yeniyeni. Ikapotoka pang'ono ankaiponya pamoto n'kuyambiranso.

Zonse khumi ndi zinayizo zinali ndege imodzimodzi: yoyera, ya mzere wabuluu m'mbali. Mazenera ankawapaka utoto wakuda, koma pa lachisanu ndi chiwiri kuchokera kutsogolo ankaikapo kadontho koyera ndi nsonga ya singano.

"Limenelo ndi dzanja la mlongo wako," ankatero.

Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene. Iwo anapeza ntchito kunja ine ndili Folomu 4. Anatsogola ku Lilongwe kukagona kwa mnzawo, titagwirizana kuti ine ndi abambo tikawapeze ku bwalo la ndege m'mawa mwake. Basi yathu inafera panjira ndipo tinafika dzuwa lili paliwombo. Abambo anandituma kukafunsa, poti wasukulu ndinali ine. Mayi wa pakauntala anandiuza kuti ndegeyo inanyamuka kalekale, papita maola awiri.

Nditatembenuka ndinawaona abambo ataima pakati pa anthu, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, m'manja muli kathumba ka mtedza wokazinga komwe amayi anawapatsira kuti akapatse mwana wawo. Ndinawatsogolera pakhonde la pamwamba pomwe anthu ankaonerera, ndipo pansi panali ndege yoyera ikutembenuka kuti inyamuke.

"Ndi imeneyo," ndinatero.

Anavula chipewa n'kuyamba kuchikupiza m'mwamba. "Wandiona! Taona dzanja, wandiona!" Ine sindinaone kalikonse. Mtedza uja tinadyera m'basi pobwerera, iwo akuseka ndi kufotokozera aliyense amene anakhala nawo pafupi.

Kalata yoyamba ya achimwene inabwera kusukulu kwanga. Analemba kuti anatidikira mpaka pamene anawaitana kachitatu, ndipo analowa akucheukabe. Ndinaibisa m'sutikesi. Makalata ena awiri anabwera kunyumba, afupiafupi, okamba za kuzizira ndi ntchito. Kenako zii. Abambo analemba makalata osawerengeka, anapempha ansembe kuti afunse kwa anzawo a kumeneko, ankapita kwa aliyense amene wamveka kuti wabwera kuchokera kunja. Sitinamve za ukwati, za ndende, ngakhale za maliro. Munthu anangosowa ngati sanabadwe.

Ndili m'chaka changa chachiwiri kunyumbako, aphunzitsi aakulu a sekondale ya ku Kabwazi anabwera kudzapempha kuti abambo akaonetse ndege zawo pa tsiku la makolo. Abambo anakonzekera sabata yathunthu. Anazipukuta imodziimodzi ndi nthenga ya nkhuku, anapinda mawaya oti ziziimapo, ndipo tinazilongedza m'madengu titayala udzu wouma. M'holo anatipatsa matebulo awiri pafupi ndi khomo. Anthu anadzazana, ena akufuna kugula, abambo n'kumangopukusa mutu akumwetulira. Ndinali ndisanawaone akusangalala choncho chimwalirire amayi.

Chakumasana panabwera bambo wina wachikulire, kholo la mwana wa pasukulupo. Anawerama n'kuyang'anitsitsa imodzi kwa nthawi.

"Akuluakulu, muli ndi dzanja," anatero. "Ine ndinagwirapo ntchito yonyamula katundu ku bwalo la ndege. Iyi ndikuidziwa bwino. Inkanyamuka masana kupita ku Blantyre, madzulo n'kubwerako."

"Ayi," anatero abambo. "Imeneyi inatenga mwana wanga kupita naye kunja."

"Kunja? Iyi sinkatuluka m'dziko muno. Zakunja zinkanyamuka m'mawa, zikuluzikulu." Ataona nkhope ya abambo anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Kaya, mwina ndasokoneza. Ndi kale."

Abambo anayang'ana ine. Ndinayamba kukonzakonza nsalu ya patebulo yomwe inali yokonzeka kale.

Mawa lake kunacha ndi nkhungu ya mu Juni ija yomwe imabisa ngakhale phiri, madzi akudontha ku malata popanda mvula. Nditaweruka kuntchito ndinawapeza m'kashedi kawo kuseri kwa nyumba, atakhala pabenchi, manja ali pamawondo, zipangizo zili poteropo. Ndinapita kukatsegula sutikesi ija, ndinatenga kalata, n'kudzagwada pakhomo.

"Abambo, tsiku lija tinachedwa. Ndege ya achimwene tinaipeza itapita. Ndinakunamizani."

Analandira kalatayo, anavala magalasi, anaiwerenga kawiri. Kenako anaipinda motsata mizere yake yakale.

"Ndiye kuti anacheuka, osaona munthu."

"Eya."

"Nanga uja anandikwezera dzanja uja anali mwana wa yani?"

"Sindikudziwa, abambo. Ine dzanjalo sindinalione."

"Linalipo," anatero motsitsa. "Ndinaliona ine."

Ndinayembekeza kuti andikalipire. Ndinkafuna atandikalipira. Iwo anangoti, "Unali mwana. Dzuka, pansipo pakuzizira." Kalatayo anaiika m'thumba la malaya ndipo sindinaionenso.

Madengu aja anakhala pakona osamasulidwa. Pabalaza panatsala ulusi wokhawokha ukulendewera, ndipo chitseko chikatseguka unkagwedezeka wonse pamodzi. Ine ndinkaweramabe posesa. Abambo ankadya pang'ono, ankapita ku Misa, ankabwerako, koma kushedi sankalowako. Nthawi zina ndinkawamva pakhonde akulankhula chapansipansi ngati akuyankha munthu, ndikatuluka n'kupeza ali okha.

Patatha milungu itatu anandiitana.

"Ukamufunefune bambo uja. Akakuuze mmene inalili ndege ya m'mawayo."

Ndinakwera njinga ya kabaza Loweruka mpaka ku Kabwazi, n'kufunsira kwa aphunzitsi aakulu. Bamboyo ndinamupeza kumunda akukumba kachewere. Atamva chomwe ndadzera anayamba kupepesa, ndipo ndinamuuza kuti wolakwa si iye. Anasamba m'manja, anang'amba pepala pa kope la mwana wake, n'kujambula ndi pensulo: thupi lalitali, mainjini pansi pa mapiko, mchira wautali. Za utoto anati sakukumbuka bwino, poti zakunja zinkabwera zamitundumitundu.

Abambo anayala pepalalo pabenchi n'kulipanikiza ndi hamala ndi chizulo. Anasankha paini wopanda mfundo n'kuyamba. Koma manja anali atayamba kunjenjemera, ndipo kawiri konse ndinawamanga bala pachala. Ntchito yomwe kale inkawatengera milungu iwiri inadya mwezi wonse, atangomaliza thupi ndi phiko limodzi. Tsiku lina ndikuwapatsira tiyi anandifunsa, osandiyang'ana:

"Kodi mlongo wako akakwera basi ankakonda kukhala mbali iti?"

Ndinaganizaganiza, koma sindinakumbuke. Ndinatsala pang'ono kungotchula mbali ina iliyonse kuti mtima wawo ukhale pansi. Ndinati, "Sindikudziwa."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kukwecha.

Chibayo chinawagwira kumayambiriro a Ogasiti, mphepo ija ikuwomba. Ndinawagoneka kuchipatala kwathu komweko, pabedi la pafupi ndi zenera, ndipo anatha masiku asanu. Ndege khumi ndi zinayi zija ndinazipereka ku sukulu. Ndimamva kuti anaziika m'kabati ya magalasi, koma sindinapiteko kukaziona. Yosatha ija ili m'shedi pomwe anaisiya.

M'mawa wa tsiku loika maliro, akatekisiti omwe ankalemba mbiri ya malemu yoti ikawerengedwe kumanda anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anafunsa chaka chobadwa, chaka cha ubatizo, zaka zomwe anagwira ntchito ku mishoni. Ndinayankha zonse. Kenako anaima, bolopeni ili m'mwamba, n'kutsitsa mawu.

"Pepani mayi. Apa pa ana amoyo amene asiya, tilembe angati?"

Azimayi anali atayamba kale nyimbo m'nyumba. Amalume anaima chapatali akundiyang'ana, osafuna kuyankha m'malo mwanga.

"Lembani awiri," ndinatero.

Analemba, ndipo kumanda anawerenga momwemo.