Digiri ya a Fabiano ndi Khasu la Apongozi

Panjira yochoka ku Namitete kupita ku Nsaru pali mudzi umene ukafunsa za a Fabiano anthu amangoyang'anana, koma ukati a Digiri, aliyense amakulozera nyumba. Amene adawapatsa dzinali si azungu a sukulu ayi, ndi amayi a pachitsime, ndipo dzina lochokera pachitsime silifufutika.

A Fabiano adabadwira cha ku Mpingu, m'banja la Chikatolika, ndipo adakhoza Sitandade Sikisi, nkhani imene sadalole kuti munthu aiiwale. Adagwirapo ukalaliki pamsika wa fodya, mpaka mzungu wa pamenepo adatopa ndi kalaliki wokonda kukonza Chingelezi cha abwana ake. Mu 1952 adakwatira Dorothy, nalowa chikamwini m'mudzi uno. Adafika ndi jekete, njinga ndi bokosi la mabuku. Khasu adaliiwala kwawo, ndipo sadatumize munthu kukalitenga.

Ntchito yawo, iwo amatero, idali ya m'mutu. Sukulu ina ya ku Joni yophunzitsa papositi idawalonjeza digiri ya zilankhulo ndi maiko a mu Afirika, ndipo zofunika zake a Fabiano ankazilakatula paliponse, ngakhale pamaliro. Munthu asankhe dera limodzi, adziwe mbiri yake, mafumu ake, mapiri ndi mitsinje yake. Kenaka aphunzire chilankhulo cha deralo, osati m'buku, koma pakamwa pa munthu wochiyankhula, ndipo akayesedwe pamaso pa wochidziwa. Iwo adasankha dziko la Ansenga chifukwa pamapu lidaoneka pafupi, ngakhale eni akewo adali asanaolokepo Bua.

Mitsinje ndi mafumu adaziloweza pansi pa mtengo wa mango, anzawo ali kumunda. Akaona akamwini ena akubwerera thukuta lili kamukamu, ankapukusa mutu ndi chisoni. Anthu oti sadziwa kumene Luangwa amathira, amatero mumtima, kusiyana kwawo ndi ng'ombe n'kuti ng'ombe sizipereka msonkho. Chimanga cholimidwa ndi anthu omwewo ankadya bwinobwino, osafunsa kumene chachokera.

Chidawatsamwa ndi chilankhulo. M'mudzi monse, ndi midzi yozungulira, wodziwa Chinsenga adali mmodzi yekha: a Zelifa, apongozi awo. Mayiwa adatengedwa chitengwa kupita ku Petauke ali mtsikana, nabwerako ali wamasiye, Dorothy ali kumsana. Tsono mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mwambo umenewu a Fabiano ankaukonda koposa miyambo yonse ya Achewa, poti ndiwo udawateteza ku mafunso a khasu. Tsopano udawaimira pakhomo pa digiri.

Adayamba ndi nzeru. Iwo ankakhala kuseri kwa nkhokwe ndi pensulo, a Zelifa pakhonde pawo, Dorothy n'kumayenda pakati ngati mtengamakalata. Akamutuma kukafunsa dzina la ng'ombe pa Chinsenga, ankabwera ndi yankho la Chichewa loti khola lagwa mbali imodzi ndipo amuna a pakhomo pano sadalionebe. Atamutuma kukafunsa moni wa m'mawa, adabwera akuseka.

"Akuti moni wa kumeneko amapatsa munthu wodziwa njira ya kumunda kwawo."

A Fabiano adaona kuti umbuli wafika posauzana. Kodi maphunziro a dziko lonse aime chifukwa cha manyazi a nkhalamba imodzi? Tsiku lina m'mawa adavala jekete, adanyamula mpando, adadutsa pabwalo anthu akuona, nakaukhazika pamaso penipeni pa a Zelifa, amene ankapeta mtedza. Adawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Mayi, zachikale tizisiye. Tiyambe ndi moni."

Lichero lidagwa. A Zelifa adadzifunda nsalu kumutu n'kulowa m'nyumba chokwawa, nkhuku n'kuchita phwando pa mtedza. Dzuwa lisanafike pamutu nkhani idali itafika ku Kabudula, ndipo kumeneko idafika yoti a Fabiano awagwira apongozi dzanja.

Mlandu adaweruza a Yonasi, malume ake a Dorothy, mwini mbumba, munthu wosakonda kutaya mawu. Adati njira zilipo ziwiri. Akamwini atha kumanga bokosi lawo panjinga n'kubwerera ku Mpingu, kapena agwire munda wa apongozi awo kuyambira kusosa mpaka kukolola. Zikatero apereke nkhuku, manyazi athe, azicheza ndi apongoziwo mmene angafunire. A Fabiano adaganiza mozama. Ku Mpingu kudalibe Mnsenga ndi mmodzi yemwe. Adasankha khasu, ndipo Dorothy yemwe ndiye adauza anzake pachitsime kuti chidawagwira amuna ake si iye ayi, ndi digiri.

Ulimi wawo anthu adachita kubwera kudzauonera. Mizere idakhotakhota ngati mitsinje ya pamapu awo. Matuza adatuluka tsiku loyamba, ndipo adawaonetsa kwa aliyense ngati mendulo ya ku nkhondo. A Zelifa ankatsatira patali, kuwongola mizere, uku akulalata m'Chinsenga. Mwambo sadauphwanye, poti sankayankhula ndi mkamwini, ankayankhula ndi mizere. A Fabiano ankatchera khutu mokondwa. Ichi ndicho Chinsenga chenicheni, chochokera pakamwa, monga idanenera sukulu!

Chimanga chitalowa m'nkhokwe nkhuku idaperekedwa, manyazi adatha, ndipo a Fabiano adakhala pamphasa ya apongozi ndi pensulo yosongola. Apa ndipo adadziwa kuti mayiwa adasunga mawu a zaka zonse zija, ndipo onse adali a Chichewa: za khola, za jekete lovala m'mwezi wa Okutobala, za mabuku amene chiswe chokha ndicho chinkapindula nawo. Chinsenga chinkatuluka pokhapokha akapsa mtima, ndipo matanthauzo ake ankawafotokoza mosaumira. Koma moni, kuwerenga, kupempha madzi, zimenezo adati zidawachoka. Akadapatsa yani moni wa Chinsenga zaka zonsezi? Zotukwana zokha ndizo zidakhala zamoyo, poti chibwerere akamwini ankazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Mu 1957 a Fabiano adapalasa njinga kupita ku Nambuma, kumene wansembe wina wokalamba, amene adakhalitsa pakati pa Ansenga, adavomera kuwayesa. Wansembeyo adawalonjera m'Chinsenga. A Fabiano adangomwetulira mwaulemu. Kenaka wansembeyo adawapempha kuti afotokoze za kwawo ndi anthu a pakhomo pawo.

A Fabiano adafufuza m'mutu monse. Chinsenga chidalimo chambiri ndithu, chosalala, koma chonse chinkanena za munthu mmodzi. Akakhala chete digiri yapita, ndiye adatsegula pakamwa. Adafotokoza za mkamwini wina wa manja ofewa ngati a khanda, wodya ngati anthu atatu, wolima ngati nkhuku yofukula padzala, mtengo wouma wovala jekete, munthu woti akafa mudzi udzazindikira poona kuti nkhokwe yachedwa kutha. Adayankhula osapunthwa, mpaka kakwezedwe ka mawu ka a Zelifa kadatuluka.

Wansembe uja adaseka mpaka kuvula magalasi. Atapukuta misozi adati Chinsenga chotere sadachimveponso chichokere ku Petauke.

"Koma munthu wachabechabe ameneyu ndani, a Fabiano?"

"Ndi wa mudzi woyandikana nafe, Bambo."

"Pepani nawo anthu a kumeneko. Tsopano tandipemphani madzi akumwa."

A Fabiano adayang'ana kudenga, adayang'ana nsapato zawo, adakonza kolala ya jekete. Wansembe adawaperekeza mpaka panjinga, nawauza mokoma mtima kuti adzabwerenso akadzadziwa kulonjera anthu, poti ku Unsenga munthu sayamba ndi kutukwana asanapereke moni.

Pofika kumudzi a Fabiano adauza anthu kuti akhoza mbali yovuta, yatsala yophweka. Nkhani yeniyeni idadza yokha Lamulungu lotsatira, pakamwa pa anthu ochokera ku Misa, ndipo dzina la a Digiri lidakhazikika kuyambira pamenepo.

Mpaka lero akadali m'mudzi muja, ndipo akadanyozabe aliyense wosadziwa kumene Luangwa amathira. Ku Mpingu sangabwerere, poti sukulu yawo ili pakhonde pa apongozi. M'mawa uliwonse amatsogola ndi khasu, a Zelifa pambuyo, ndipo munda wa mayiwa sudaonekepo bwino chotere chimwalirire amuna awo. Chaka chatha a Zelifa adakumbukira mawu amodzi opempha madzi, tsiku lomwe mtedza udatha kukumbidwa. Chaka chino akuti moni wa m'mawa wayamba kuwabwerera pang'onopang'ono, ndipo mwina afika wathunthu khola lija likamangidwa.