Nambala 37 pa Mbawa ya a Jafali

Chaka chimene tinavota koyamba pa zipani zambiri chinandipeza ndili pakhomo ku Nkhunga, Fomu 4 nditamaliza, ntchito ndilibe. Aphunzitsi anga akale ndiwo anandiuza kuti kwabwera a Dokotala ena a za mitengo ochokera ku Zomba, akufuna munthu wodziwa Chingerezi komanso wosaopa thengo. Ndinapita nditavala nsapato zobwereka.

Ntchito inali pa hotela yakale kufupi ndi Dwambazi, yotsekedwa kalekale. Malata anthu anali atasasula, m'zipinda munkagona mileme, m'dziwe limene azungu ankasambiramo munali achule okhaokha. A Dokotala ankalemba mitengo, mbalame ndi mbiri ya malowo, ati kuti boma liwateteze. Ine ndinkanyamula tepi yoyezera, kope, bulashi ndi chitini cha utoto wofiira. Mtengo uliwonse waukulu ndinkauyeza kunenepa kwake molingana ndi pachifuwa panga, n'kulembapo nambala ndi utoto pomwepo. Masamba tinkawapanikiza m'nyuzipepala zakale pakati pa matabwa awiri.

Wotitsogolera anali a Jafali, bambo wachikulire amene kale ankaphika pa hotelayo. Tsiku lina anatiimitsa pa mbawa ina pakati pa mbawa zinzake.

"Apa pagona bambo anga," anatero. "Pomanga hotela anatisamutsa, manda n'kuwasalaza. Masiku amenewo ukatsegula pakamwa unkasowa. Ndinkaphikira alendo maso ali pa mtengo uwu."

Ataona ndikuviika bulashi anandigwira mkono. "Mwana wanga, wofiirawo ayi. Ocheka matabwa kuno akaona chofiira amati boma lalola kudula."

Ndinawamasulira a Dokotala. Anaseka. "Izi ndi za sayansi. Paka."

Ndinapaka nambala 37. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, komanso ndinene zoona, ndinkadziona wophunzira kuposa munthu wophika.

A Dokotala anabwerera ku Zomba ndi kope lija. Patangopita miyezi iwiri, a Jafali anandipeza kwathu m'mawa, mkanjo wawo uli mbuu ndi phulusa. "Tiye ukaone ntchito yako."

Mlonda wa boma amene ankayang'anira malowo anali atachoka, aliyense ankati ufulu wafika. Ocheka anadula mtengo uliwonse wa utoto wofiira. Tinali titawasankhira tokha yonenepa bwino, iwo kwawo kunali kungonola macheka. Tchire analiwotcha, tinjira tonse tinafafanizika, panangotsala zitsa zakuda zofanana.

"Ya bambo anga unalemba 37. Ndilozere, ndiwachitire duwa, ndiwapempherere."

Ndikanaloza chiyani? Nambala ndinailemba pachifuwa pa mtengo, inapita ndi chipika. Tinazungulira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Sananditukwane, bola akanatukwana. Pomaliza anaima pa chitsa china, natambasula manja. "Mwina ndi pano," anatero, n'kuyamba kupemphera.

Ndinawalembera kalata a Dokotala kupempha mapu a m'kope muja oonetsa pomwe panali mtengo uliwonse. Yankho ndikuliyembekezabe.

Lero tsitsi layera ndili pa ntchito ya mitengo yomweyi, ndipo nkhaniyi imandiwawabe. Mwini malo akati ayi, bulashi ndimaika pansi, bwana akwiye akwiye. Utoto wofiira sindiugwira. Nambala ndimalemba pawiri, pachifuwa ndi patsinde penipeni. Anzanga amati ndimawononga utoto, ndimangowasiya. Iwo sanaone munthu akupempherera bambo ake pa chitsa chongoganizira.